Njere Zakuda M'mapira a Nyani

Chaka chimene njala inamanga nthenje kuphiri, Nyani anakaba lichero la mapira kumudzi. Atafika nalo kwawo anapeza muli tinjere takuda. Ankadziwa kuti tina ndi ta luni, ndiwo wamba, pomwe tina ndi ta chitsamba cha zipatso zaminga chija chimapengetsa. Koma zoti asiyanitse, mutu unaima.

Anapita kwa Mpheta, kambalame kodziwa njere. Nyaniyo kupempha sankakudziwa. Anangopisa dzanja m'chisa, n'kumwa mazira awiri mwiniwake akuona, lachitatu n'kulifumbata.

"Undisankhire mapirawa iwe. Ukachita masewera, ilinso ndimwa."

Mtima wa Mpheta unawira, ndipo pomwepo analumbira chamumtima kuti ana akewo sapita ulele. "Ndamva, amalume," anatero motsitsa mawu.

Anayamba ntchito, mapira uku, zakuda uko. Kwa iye sizinali zovuta: njere ya luni ndi yaing'ono, yopindika ngati kankhono, pomwe yakuphayo ndi yokulirapo, yaphwatalala, ya timaenje. Zakupha anaziunjika pakati, za luni n'kuziika m'mbali pafupi ndi phazi lake. Kenaka anacheuka uku ndi uku, n'kujompha kamodzi ka luni.

"Ukudya chiyani?" anafunsa Nyani.

"Palibe amalume, ndikunola mlomo. Zakudazi musakhudze, n'zoopsa."

Patapita kanthawi anajomphanso, n'kutsinzina ngati walawa uchi.

"Iwe! Ndakuona!"

"Yangondigwera m'kamwa. Ndithu amalume, musadye. Mupenga nazo."

Kachitatu anameza zitatu motsatizana, n'kuphimba muluwo ndi phiko. Apa Nyani zinamukwana. Wakuba amayesa aliyense ndi wakuba mnzake.

"Ukundiyesa chitsiru? Zonona ukubisa, ine undipatse mapira ouma? Choka apa!"

"Amalume, pepani, mufa!"

Nyani anaponya dzira lija pa mapira kuti awole bwino ndi manja onse, n'kukhuthulira mulu wonse m'kamwa. Anatafuna akuseka.

Dzuwa lisanapendeke, kukhosi kunauma gwa, maso ali psuu. Anagwadira chitsa n'kumachipatsa moni ngati apongozi. Kenaka anayamba kuona akambuku paliponse, ena m'mitengo, ena pamchira pake. Analiyatsa liwiro akukuwa mpaka anakagwera kuphompho, miyendo yonse thyo!

Mpheta anafungatira dzira lake mulichero momwemo, ndipo patapita masiku mwana anadzaswa chakudya chili pakhomo. Koma m'mawa wa tsiku lotsatira ngozi ija anaulukira kuphompho kuja kukazonda wodwala.

"Mphwanga, timadzi," anabuula Nyani, lilime lili panja.

Mpheta anatera pamwala, ndipo chisoni sichinamubwerere ngakhale pang'ono.

"Madzinso amalume? Munamwa ana anga awiri dzulo lomweli. Ludzu lanu ndi lotani?"

Mpheta mlandu sunamugwere, pakuti phiri lonse linamumva akuletsa katatu konse.