Nungu Sanaperekeze Nkhwali

Nungu anali ndi nyumba ziwiri m'tsinde mwa phiri, ina yokhalamo iye, ina ya kuseri yochititsa lendi. M'nyumba ya kuseriyo munkakhala Nkhwali ndi ana ake. Pa za lendi panalibe dandaulo. Chimene awiriwa ankasemphanirana chinali phokoso.

Nungu anali mayi wamasiye wa mtima wapachala. Tsamba likangomugwera pamsana, minga yake yonse inkaimirira. Nkhwali naye pakamwa sipankatsekeka. Kukangocha ankafika pakhomo pa Nungu n'kufuula kuti, "Odi, alandilodi! Mwadzuka bwanji?" ndipo sankachoka mpaka atamva yankho.

"Ndadzuka!" ankakalipa Nungu ali m'kati. "Kodi ndinakuuzani kuti ndikufa?"

Tsiku lina Nungu anayanika makaka pamphasa. Ana a Nkhwali, pokhala ana, anakwerapo n'kupalasa makaka onse mpaka m'fumbi. Nkhwali anagwada kupepesa, koma Nungu anamutembenukira msana n'kumuonetsa minga.

"Mwezi uno ukatha musamuke. Nyumba yanga ndikuifuna."

Tsiku losamuka, Nkhwali anasesa, anazira pansi, anamanga katundu, kenako anapita kukatsanzika atanyamula kiyi. Mwambo wa kumeneko unali wakuti mwini nyumba atuluke, alandire kiyi pamanja, ndipo amuperekeze mnzakeyo mpaka pamphambano. M'njiramo ndi mmene wosamukayo ankanena kumene akupita. Ngakhale okangana ankaperekezana.

"Odi, amayi! Ife tikunyamuka," anatero Nkhwali.

"Ikani kiyi pansi pa mwala. Ndatanganidwa," anayankha Nungu, pamene kwenikweni ankangoyang'ana khoma.

"Zikomo potisunga. Mukatifuna, tikulowera cha ku..."

"Ndamva, pitani!"

Atachoka, Nungu anatola kiyi n'kukatsegula nyumba yake. Anayendera ngodya zonse kufunafuna chowonongeka choti akadandaule kwa anzake, koma sanachipeze, ndipo zinamunyansa. Chitseko chinali cholimba, denga losadontha, phulusa lowoledwa. Anakhoma n'kunena yekha kuti, "Eya, tsopano ndipume."

Anapumadi. Ankagona mpaka dzuwa litakwera, popanda wina woodira pakhomo. Makaka ake ankauma bwinobwino pamphasa.

Mvula itayamba, Nungu anagwidwa ndi malungo. Anagona pamkeka thupi likunjenjemera, kukhosi kuli gwaa, mtsuko wa madzi uli patali. Kunacha, kunada, kunachanso, koma palibe amene anagogoda. Anansi ankaona chitseko chotseka n'kumati mayiwo sakufuna alendo, poti ndani angakadziputire minga?

Nungu anakwawa yekha kukafika pa mtsuko, ndipo misozi inamutuluka. Apo ndi pamene anazindikira kuti moni wa m'mawa uja sunali phokoso. Nkhwali ankafuna kumva ngati nkhalamba yokhala yokhayo yadzuka ndi moyo. Nungu anamva chisoni chachikulu, ndi manyazi omwe.

Atapezako bwino, anatenga ndodo n'kupita kwa Gologolo, mnansi wake wa mumtengo wa mkuyu.

"Achimwene, kodi a Nkhwali analowera kuti? Ndikufuna ndikawatenge, abwerere m'nyumba muja."

"Aa, mukufunsa ine?" anadabwa Gologolo. "Si inu amene munawaperekeza?"

Nungu anaweramitsa mutu n'kuchokapo.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamphambano. Njira ina inkapita kudambo, ina kuseri kwa phiri, ina inkalowa m'thengo lalikulu, ndipo mvula inali itafafaniza mapazi onse. Anafunsa odutsa, koma aliyense ankangopukusa mutu. Anaitana mpaka mawu anasasa, "A Nkhwali! Mayi a ana! Ndine landilodi wanu!" Palibe amene anayankha.

Pobwerera anapeza Njiri atayima pakhomo, akusuzumira pa windo la nyumba ya kuseri ija.

"Amayi, ndamva kuti muli ndi nyumba yopanda munthu. Ine ndine wofatsa, ndilibe ana, m'mawa sindisokosa. Simudzadziwa n'komwe kuti ndilipo."

Nungu anamuyang'ana, minga yake ili chigonere.

"Pepani bambo," anatero, "nyumbayi ili ndi eni ake. Angochokapo pang'ono."

Nyumbayo inakhala yopanda munthu mpaka Nungu anamwalira. Anansi anadziwa za imfa yake udzu utamera kale pakhomo.

Phunziro: Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Mukasiyana ndi munthu, ngakhale mutakangana, tulukani mumuperekeze. Nyumba imabwerera kwa mwini wake, koma mnzako wochoka osaperekezedwa sudziwa kokamufuna.