Mapepala Amene Sanakulunge Mandasi

Ku Limbe kunali munthu wina, dzina lake Yotamu, wokonza makina akale a magemu, aja olumikiza ku TV. Luso limeneli anaphunzira kwa mkulu wake, Lufeyo.

Lufeyo mutu wake unkagwira. Anapanga gemu yakeyake, ndipo kumapeto kwake anaikako kanema wa mayi awo akuimba uku akupeta chimanga. Koma makina akalewo ngochepa mimba, kanema salowamo wathunthu. Amayamba wafinyidwa ndi pulogalamu ya pakompyuta mpaka achepe, ndipo akafinyidwa chotero foni kapena kompyuta wamba singamutsegule.

Mayi aja anamwalira. Patapita zaka, Lufeyo nayenso anatsikira kulichete. Anasiya chimbale cha gemu ija, kompyuta yakale yokhala ndi pulogalamu yofinyira, ndi katoni ya mapepala.

Chimbale Yotamu anachikulunga m'nsalu n'kuchitsekera m'sutikesi. Kompyuta anaikankhira kunsi kwa tebulo. Mapepala anangowasuzumira kamodzi, n'kuona manambala okhaokha, basi n'kupatsa mayi wina wogulitsa mandasi pakhomo pa shopu yake kuti azikulungira. Tisamuseke kwambiri. Ambirife timalemekeza chonyezimira, pepala timaliona ngati chinyalala.

Tsiku lina makina ake omaliza owerenga chimbalecho anapsa, osathekanso kukonza. Mawu a mayi ake sanali kwina kulikonse koma m'chimbalemo. Yotamu anatulutsa kompyuta ija, napukuta fumbi. Pulogalamu inatseguka ndithu, ndipo inkatha kumasula kanema amene inafinya, koma inkafunsa manambala amene iye sankawadziwa. Analota manambala masabata awiri. Pagalasi pankangotuluka timabokosi tobiriwira. Mtima unamuwawa zedi, pakuti anazindikira chimene chinali m'katoni muja.

Anatuluka mwamanyazi n'kukaima pafupi ndi beseni la mandasi.

"Mayi, mapepala ndinakupatsani chaka chatha aja, alipo otsala?"

"Aa, bambo Yotamu, chaka chatha? Anthu anadyera mandasi kalekale."

Yotamu anatembenuka kuti azipita.

"Taimani kaye," anatero mayiyo. "Ndinakulungira osindikizidwa okha. Munalinso ena olembedwa pamanja. Amenewo ine sindikulungira chakudya ayi. Munthu anakhala pansi n'kulemba yekha, ine ndizipaka mafuta? Ali kunyumba, kunsi kwa matiresi."

M'mawa mwake mayi wa mandasi uja anabwera nawo, masamba makumi awiri ndi atatu, dzanja la Lufeyo lenileni. Munalembedwa zonse, choyamba kuchita, chotsatira, ngakhale malo amene pulogalamuyo imakonda kuvuta. Yotamu anatsatira malangizowo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu, mayi ake anaonekera pagalasi, lichero lili m'manja, akuimba. Yotamu analira osabisa nkhope.

Atapukuta misozi anatseka shopu. Anapita kokopetsa mapepala, pulogalamu anaikopera m'mafulashi, n'kuyamba kugawa kwa okonza anzake mmodzimmodzi, ngakhale aja omulanda makasitomala. Zina anaziika pa intaneti kuti aliyense atenge. Patatha miyezi ingapo, munthu wina wa kudziko lakutali anamulembera kuthokoza, kuti ndi malangizo a Lufeyo watsegula makanema a m'magemu amene anakhala chete zaka makumi awiri.

Inu amene mukundimva, mukasunga chinthu, sunganinso chotsegulira chake pamodzi ndi malangizo ake, pakuti chimene simungathe kuchitsegula mwachitaya kale ngakhale chili m'manja mwanu. Pali zambiri zimene kwanu amazidziwa munthu mmodzi yekha. Pitani mukamufunse akadali ndi mpweya, mulembe zonse, ndipo zolembazo zisagone m'nyumba imodzi.