Buluku la ukwati la a Heaika

Pakhomo pa a Heaika mchere sunkakhudza chikopa. Iwo ankati madzi amchere ndi mankhwala a kufakitale ndi amene adatha nsomba mumtsinje, choncho zikopa za mphalapala zawo zoweta ankazikhomera pakhoma kuti ziume ndi mphepo yozizira. Mpaka apo nzeru zidalipo. Koma ntchito yonyika chikopa m'makungwa a msondodzi ndi kuchifewetsa ndi mafuta a nsomba, mwini wake anali mkazi wawo, mayi Ravdna.

Ukwati wa mwana wawo Sunna utayandikira, mkuluyu adalumbira kuti akaonekera pamaso pa asewere awo, eni sitolo ya nsapato m'tauni, atavala buluku la chikopa chofufuta yekha.

"Bambo a Sunna, muyeso wa mafuta a nsombawo mukuudziwa?" adafunsa mayi Ravdna.

"Iwe, ndidabadwira pachikopa ine! Lero ndiyambe kufunsa?"

Adakhuthulira chidebe chonse pachikopapo, ndipo zoyanika pamphepo adati n'kutaya nthawi. Kufewa lidafewa bulukulo, tisaname. Koma fungo lake, abale! Mayi Ravdna adangotsegula mawindo.

Pa tsiku la ukwati a Heaika adafika pabwalo la tchalitchi akuyenda monyang'wa, osaona kuti agalu a m'mudzi monse ali pambuyo pawo.

"Tagwirani, asewere," adatero akudzimenya pantchafu. "Mulibe mankhwala umu. Chikopa ichi mutha kudya!"

Adawerama kuti awaonetse msoko wa m'munsi. Galu wina wamkulu adangoti kumbuyoko ng'a! Buluku lidati kwee! Enawo nawo adalumphira kudzatenga gawo lawo. Mkulu wa imviyo adazungulira tchalitchi ali liwiro la mtondo wadooka, mphepo yowumitsa zikopa ija ikumuwomba pomwe sipaonetsedwa apongozi. Sunna adabisa nkhope m'maluwa ndi manyazi, ngakhale mapewa ankagwedezeka ndi kuseka.

"Simunaname, asewere," adatero mwini sitolo uja akupukuta misozi. "Chimadyeka."

Mayi Ravdna adavula shawelo yawo ya ukwati n'kuwamanga nayo m'chiuno amuna awo. A Heaika adalowa m'tchalitchi choncho, atavala mphonje zachizimayi, msana uli kukhoma mpaka amen womaliza.

Potuluka, mayiwo adawanong'oneza: "Supuni imodzi, bambo. Imodzi yokha."

Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.