Nyama ya Ukwati wa Nivi

Bolethe anali kusoka nsapato zachikopa zoti mwana wake Nivi avale pa ukwati pamene mwamuna wake Piitaq analowa, ndevu zili mbuu ndi chipale chofewa cha dziko lawo lozizira, fosholo ili m'manja.

"Mayi a Nivi, nyama ija yasamuka."

"Mphalapala zakufa zayamba liti kuyenda?"

Nkhani yake inali iyi. Mwezi wathawo Piitaq anapha mphalapala ziwiri za phwando la ukwati. Agalu atatopa kukoka chileyi, anazikwirira m'chipale patsinde pa chiphiri cha ayezi. Mkazi wake anamuuza kuti abwerere akazike mtengo, amangepo nsanza yofiira monga amachitira aliyense. Iye anangosisita kachipangizo kake katsopano kolozera malo.

"Nsanza n'za makolo. Aka kamalankhula ndi masetilaiti kumwamba."

Kulankhula kankalankhuladi, koma tsiku lokwirira nyamalo kanali katakutidwa ndi ayezi ngati nsomba ya mufiriji, ndipo uthenga wa masetilaiti unkayamba wagunda chiphiri chija n'kunjanja usanafike. Kanalemba malo abodza, kopanda ndi manyazi omwe. Kenako kunawomba chimphepo, chipale n'kusalaza dziko lonse kuti see!

"Mwakumba pomwe kakuuzani?" anafunsa Bolethe, singano ili pakamwa.

"Ndakumba. Kenako kanati pita uko, ndakumbanso. Maenje ali mbwee."

"Ndiye fungo mwabwera naloli ndi la chiyani?"

Piitaq anayang'ana pansi. Dzenje lomaliza linali ndi nyama ndithu, koma inali chinsomba chowola cha shaki, chimene mnansi wawo Jokum anasungira agalu ake. Jokumyo anali panja, akuseka mpaka kutsamira khoma.

"Achimwene," anakuwa, "muwafunse masetilaiti anuwo ngati abwera ku ukwati, tiwasungire mipando!"

Bolethe sanaseke. Ukwati unali Loweruka. Mudzi wonse udzalowa m'nyumbamo gulu ndi gulu, nsapato kuvulira pakhomo, ndipo mayi a mkamwini, amene amayeza munthu ndi kukula kwa poto, adzakhala patsogolo. Khofi ndi makeke okha sizikwatitsa mwana.

"Mverani, bambo. Ine ndabereka, ndalera, ndasoka mpaka zala kuchita matuza. Kukapempha nyama khomo ndi khomo ndiye ayi. Mupita ndinu. Muyambire kwa asewere anu."

"Kwa mayi aja? Adzandinena mpaka Khirisimasi!"

"Njira mukuidziwa, kapena tifunse kumwamba?"

Piitaq anatuluka, mutu uli pansi ngati galu wakuba. Mphalapala zija zinadzaoneka chipale chitasungunuka, patali pang'ono chabe ndi maenje ake, nkhandwe zitadya ukwati wawo kalekale.

Koma tsikulo Bolethe anangomuyang'ana pawindo akukwera kamtunda ndi beseni lopanda kanthu. Ananyowetsa ulusi ndi malovu, n'kutola nsapato yakumanzere imene inali isanalowe ndi singano yomwe.

Paja akuluakulu anati, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.