Nyani Wosunthasuntha Malire

Padangokhalatu, ana inu, kale mitsinje isanayambe kuphwa, kunali dera la nyama lotchedwa Nsangu. Linayambira paphiri, kudutsa chigwa, mpaka kudambo. Ha, linali dera lokoma! Tsiku losankha phungu, nyama iliyonse inkafola kumbuyo kwa yemwe yamufuna, zikatha zonse n'kukamwera padziwe limodzi. Phungu woyamba, Njati, ankayenda dera lonse wapansi, ndipo ngakhale ana a achule ankawadziwa maina.

Njati atakalamba, mpando unapita kwa Nyani. Akapita kubwalo la mfumu Njovu kukalankhulira anzake, Nyani ankangokadya masuku n'kubwerako. Achule a kudambo anayamba kudandaula.

Nyani anathamangira kwa Nungu, amene ankalemba malire pansi ndi munga wake.

"Achimwene, achulewa akusokosa. Malire asunthe, mpando ukhale!"

Nungu anakoka munga, kwee! Dambo linagwera dera lina.

Chaka chinacho nkhanga za kuchigwa zinati, "Phungu wathu sitimuonanso kuno."

Nyani anathamangiranso kwa Nungu. "Achimwene, malire asunthe, mpando ukhale!"

Kwee! Chigwa nachonso chinatsatira dambo. Mzerewo unadutsa pakhomo penipeni pa Kamba, nkhalamba ya m'mphepete mwa phiri.

"Kodi wasamuka ndani?" anafunsa Kamba. "Ine ndadzuka pomwe ndinagona dzulo, koma akuti ndine wa kudambo."

Pomaliza Nyani anatsala ndi phiri lokha, ndi abale ake asanu. Atafika kubwalo, Njovu anamufunsa, "A Nyani, mukulankhulira nyama zingati?"

"Zisanu, bwana, koma zonse zimandikonda."

"Zisanu si dera, limenelo ndi banja. Phirilo liphatikizidwe ndi dera la kudambo."

Chisankho chitafika, achule ndi nkhanga anafola kumbuyo kwa Kamba, mzere mpaka kukhotera kuseri kwa chulu. Nyani atacheuka anaona abale atatu okha. Awiri enawo anali atapita kokaba chimanga.

Kamba anapambana, koma sanavine. Anaitana tiana tankhanga timene tinkasewera pafupi.

"Kodi dera la Nsangu mukulidziwa?"

Tianato tinayang'anana. "Nsangu n'chiyani, agogo? N'chakudya?"

Kamba analowetsa mutu m'chigoba chake.

Mwamvatu, ana inu: mpando amakusungira ndi anzako, osati mzere wolemba pansi.