Mwala wa Norzom ndi tiyi wamchere

Kalekale, kutali uko, kudziko la mapiri lotchedwa Tibeti, kunali bambo wina dzina lake Wangdu. Ntchito yake inali yozokota mapemphero pa miyala.

Kumeneko mwambo wawo ndi wotere. Munthu akafuna kupempherera mnzake, wamoyo kapena womwalira, amatenga mwala wolembedwa pemphero n'kukauika pamulu wa miyala pambali pa njira. Mphepo ikawomba pamuluwo, ati imanyamula mapempherowo n'kuwamwaza dziko lonse. Podutsa, muluwo umausiya kudzanja lamanja. Ndipo mwala ukafika pamulu, wafika. Palibe woutenganso.

Wangdu anali munthu wosayankhulayankhula. Tsiku lonse chimene unkamva kwa iye ndi nyundo basi: kho, kho, kho! Koma mkazi wake, Norzom, eee, pakamwa sipankapuma. Nyumba yawo inali pafupi ndi mpata wa phiri pamene panali mulu, ndipo aliyense wodutsa Norzom ankamuitana.

"Alendo, fikani kuno! Tiyi wapsa!"

Tiyi wake anali wothira batala ndi mchere. Inde, mchere. Musakwinye nkhope, kwawoko ndiye wokoma ameneyo.

"Akazi anga, batala atha ndi anthu osawadziwa," ankadandaula Wangdu.

"Akamwa tiwadziwa," ankayankha Norzom.

Anakhala choncho mpaka imvi mbuu, wina kho, kho, kho, wina "Tiyi wapsa!" Anali okondwa ndithu.

Chaka china kutazizira kwambiri, Norzom anadwala, n'kumwalira. Wangdu zinamupweteka kwambiri. Anakafuna mwala woyera kumtsinje, nayamba kuuzokota. Kho, kho, kho! Kho, kho, kho! Chibadwire anali asanazokote mwala wokongola ngati umenewo.

Atatha, anausenzetsa Yaki, ng'ombe yawo yaubweya wautali imene inkatumikira Norzom, nakauika pamwamba penipeni pa mulu.

"Apa aliyense azikuonani, akazi anga," anatero.

Patapita masiku anapita kukauona. Anapeza miyala ina itasanjikizidwa pamwamba pake. Ina yokhotakhota malemba, ina yopanda ngakhale lemba limodzi. Anaisuntha n'kuiika pambali.

Anapitanso. Miyala ina pamwamba. Anaisuntha.

Anapitanso. Miyala yochuluka kuposa kale, mwala woyera uja ukungooneka kangodya kokha. Mtima wa Wangdu unawawa. Anaopa kuti mwalawo ukabisika, Norzom aiwalika.

"Anthu awa alibe ulemu," anatero. "Amwa batala wanga, lero akufuna kundikwiririra mkazi kachiwiri!"

Pamenepo anachita chimene palibe amachita. Anazula mwala uja pamulu. Ndi mantha ndi phuma, anayamba kubwerera mulu uli kumanzere kwake. Anakoka chingwe cha Yaki, amene anabwera naye, koma Yaki anangoti nji.

"Abambo, ine ndizungulira mmene ankazungulira amayi," anatero Yaki. Anazunguladi yekha, mulu uli kumanja, ndipo Wangdu anasenza mwala wake yekha, wefuwefu mpaka kunyumba.

Anauika pafupi ndi moto, natseka chitseko. Tsopano panalibe wouphimba. Koma panalibenso mphepo youwomba. Utsi wa ndowe zouma zimene ankasonkhera moto unaudetsa, mwala woyera uja n'kuyamba kuchita mwaye. Wangdu ankaupukuta, nkhope ili khuma. Nyundo nayo inangoti zii.

M'mawa wina Yaki analowetsa mutu pakhomo.

"Abambo, ndifunse. Amayi munawaonapo atadzitsekera m'nyumba?"

"Ayi," anayankha Wangdu. "Ameneyo akasowa woyankhula naye ankayankhula ndi iwe."

"Nanga lero mwawatsekeranji?"

Wangdu anangopitiriza kupukuta mwala uja.

"Tiyeni kumulu mukaone," anatero Yaki.

Anapita. Atafika anapeza anthu apaulendo ataima, aliyense mwala uli m'manja, akusuzumira uku ndi uku ngati ataya singano. Pamene panali mwala woyera paja panali pobooka, palibe amene anaikapo kanthu. Mmodzi wa iwo, Jampa, wamalonda a mchere, anamuzindikira.

"Akulu, si inu amuna awo a mayi a tiyi aja? Mwala wawo uli kuti?"

"Mukuufuniranji?" anafunsa Wangdu mokalipa. "Kuti muukwirire?"

Jampa anadabwa.

"Tiukwirire? Ine chaka china ndinafika pano zala zitauma ndi chisanu. Mayi aja anandimwetsa tiyi mpaka ndinatuluka thukuta. Nditamva za maliro awo, mwala uwu ndaunyamula kuchokera kunyanja ya mchere. Kuzokota sindidziwa, ndangokandakanda. Koma ndikufuna ukhale pafupi nawo."

"Inenso ndinamwa," anatero mayi wina woweta nkhosa.

"Inenso."

"Inenso, makapu atatu, n'kundipatsanso kamba wa panjira."

Wangdu anayang'ana miyala yokhotakhota ija anaisunthira pambali. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Manyazi anamugwira, misozi inalengeza, kenaka anayamba kuseka.

"Ndiye kuti ndakhala ndikupirikitsa alendo a mkazi wanga! Akanakhalapo, makutu angawa akanapsa."

Anathamanga kunyumba, Yaki ali pambuyo, ukalamba ataiwala. Anatsuka mwaye uja, nasenzetsa Yaki mwalawo. Ulendo uno anazungulira mulu uli kumanja, naubwezera pamalo pake. Jampa anaika wake pamwamba. Mayi wa nkhosa anaika wake. Onse anaika, mpaka mwala woyera sunaonekenso ngakhale kangodya. Mphepo inawomba, ikulowa m'mipata ya miyala, ikutuluka.

Wangdu anayankhula mawu amene anali asanawatchulepo chibadwire.

"Alendo, fikani kuno. Tiyi... tiyi apsa posachedwa."

Tiyi wakeyo ndisakunamizeni, anali woipa. Mchere anachulutsa, batala anaumira. Koma anthu anamwa, n'kupemphanso wina.

Kuyambira tsiku limenelo nyundo inayambanso: kho, kho, kho! Mulu unakula, unatalika, mpaka unakhala ngati khoma. M'mawa uliwonse Wangdu ndi Yaki ankauzungulira. Akafika pamene panali mwala uja, Wangdu ankagogoda pang'ono ndi chala.

"Akazi anga, mwadzuka bwanji m'menemo? Alendo sakukuchulukirani?"

Ndipo ankapitirira akumwetulira, podziwa kuti kwa Norzom alendo sankachuluka.

Mwamva nonse? Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Norzom anaika tiyi m'mimba za anthu, anthu anamubwezera miyala. Ndipo amene umamukonda usamamubise kwa ena omukonda, chifukwa ukamusunga wekha amangochita mwaye.

Ine nthano yanga ndaiika pamulu, yathera pomwepo.