Vani ya a Torleiv Inavina pa Tchalitchi

A Torleiv ankasenda mbatata kukhitchini pamene akazi awo, a Oddny, analowa foni ili m'manja.

"Bambo a Sigrun, tasiyani kaye mpeniwo. Abusa avomera, mdzukulu wathu abatizidwa Lamulungu lomwe lino. Keke ndi miphika ya nyama ya nkhosa munyamula ndinu. Koma pawailesi akuti chipale chofewa chiyamba kugwa Lachisanu."

"Ambuye alemekezeke," anatero a Torleiv. Kenaka anasuzumira pazenera n'kuona vani yawo yonyamulira buledi, imene inali ikadali pa matayala a nyengo yotentha. A nyengo yozizira anali atatha chaka chatha, atasalala ngati dazi.

Kwathu kuno anthu amamvana pa zambiri, ngakhale pa malire a minda, koma osati pa matayala a nyengo yozizira. Ena amati tayala lenileni ndi la timisomali toluma ayezi, madzi oundana a pamsewu. Ena amati timisomali n'tachikale, timangokumba msewu, tayala labwino ndi la mphira wofewa. Kumanzere kwa nyumba ya a Torleiv kunkakhala apongozi awo, a Arnfinn, a mpingo wa misomali. Kumanja kunkakhala akulu awo, a Halvard, a mpingo wa mphira. Ndipo a Torleiv anali munthu amene sanauzepo ayi ngakhale mphaka.

Masana a tsiku lomwelo a Arnfinn, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, anatulukira akukankha wilibala ya matayala a misomali. Anayenda maulendo awiri.

"Apongozi, awa ndinasunga nditagulitsa vani yanga ija, sanathe ndi chaka chomwe pamsewu. Ikani. Musamvere mkulu wanu uja, galimoto yake imayenda pa nkhwaira za m'bafa."

Asanazimiririke bwino, a Halvard anafika akugubuduza awo.

"Iwe Torleiv, ndaona madalawo akubweretsera zikhadabo zawo. Ukufuna anthu azikumva uli kuseri kwa phiri ngati mbuzi yoyenda pamalata? Tenga awa, uziyenda ngati munthu."

A Torleiv anathokoza onse awiri ndi mtima wonse. Anatsala ali chilili m'galaja, matayala asanu ndi atatu atawazungulira, pamene vani ili ndi miyendo inayi yokha.

"Sankhani amodzi," anatero a Oddny ali pakhomo. "Enawo mubweze ndi botolo la jamu, nkhani ithe."

"Amayi, bambo anu akankha wilibala ndi msana wodwala uja."

"Ndiye ikani awowo."

"Koma achimwene nawonso achita kutsuka matayala awo ndi sopo."

"Ndiye ikani a achimwene anuwo! Bola musasakanize. Lamulo limakana, nzeru nazo zimakana."

"Onse ndi abwino," anang'ung'udza a Torleiv. A Oddny anabwerera kukhitchini, kumene keke ya mphete khumi ndi zisanu ndi zitatu inkawadikira kuti aiphike n'kuisanja ngati nsanja.

Lachinayi m'mawa a Torleiv anatseka chitseko cha galaja, natenga jeke ndi sipanala. Mbali ya kumanzere anamanga matayala awiri a misomali. Mbali ya kumanja anamanga awiri a mphira. Anayi otsalawo anawafunditsa lona. Kenaka anatulutsa vani n'kuiimika pabwalo mosamala kwambiri, mbali iliyonse italoza zenera la mwini wake. A Arnfinn ataona misomali ikunyezimira anakweza kapu ya khofi. A Halvard ataona mphira wakuda bii anagwedeza mutu mokhutira. A Torleiv analowa m'nyumba akuimba chamumtima, akudziona ngati wodzetsa mtendere wotchulidwa m'Malemba uja.

Chipale chinagwadi Lachisanu. Pogawa buledi vani inkakokera kumbali ngati ng'ombe yoona msipu, koma misewu ya m'mudzi ndi yosatsetsereka ndipo anali atawazamo mchenga. Loweruka kunafundako, chipale chinasungunuka pamwamba. Pofika Lamulungu m'mawa chinali chitaundananso, dziko lonse lili ngati galasi.

Banja lonse linatsogola. A Torleiv anabwera pambuyo pang'onopang'ono, keke ataimangirira lamba pampando wa pambali pawo, miphika ili kumbuyo. Msewu wolowera pabwalo la tchalitchi chathu ndi wotsetsereka pang'ono. Anthu anali ataima panja kudikira belu, khanda lili m'manja mwa amake, a Arnfinn ndi a Halvard atatalikirana monga mwa masiku onse.

A Torleiv anaponda mabuleki. Misomali inamvera, inaluma ayezi n'kufuna kuima. Mphira unati ulendo ukadalipo. Vani inayamba kuzungulira, osati mwaukali, koma mwaulemu ndithu, ngati mkwatibwi woonetsa diresi. Inaonetsa mpingo mbali ya kumanzere, inaonetsa ya kumanja, n'kubwerezanso kuti amene sanaone bwino aone. Nkhope ya a Torleiv inkadutsa pagalasi milomo ikutchula Pemphero la Ambuye. Potsiriza vani inakakhala chambuyo mu mulu wa chipale pafupi ndi mpanda wa manda. Kumbuyo kunamveka phokoso la zivundikiro, ndipo msuzi wa nkhosa unayamba kudontha pansi pa chitseko, ukufuka nthunzi.

Mulungu ndi wachifundo, palibe amene anavulala. Palibenso amene anaseka, pakuti kwathu kuno munthu amakasekera kunyumba. Mayi wina wokalamba wa m'kwaya anatsegula chitseko n'kuyamba kutolera mphete za keke m'chipewa chake, zamphumphu pazokha, zosweka pazokha. Wina anapatsa a Torleiv magolovesi.

A Arnfinn ndi a Halvard anazungulira vani, wina kudzera uku, wina uku, nakumana kutsogolo.

"A Halvard, nkhwaira zanu zili mbali iyi."

"Zikhadabo zanu zili mbali iyo, madala."

Anayang'anana kanthawi. Kenaka a Arnfinn anatuma munthu kukatenga thirakitala, a Halvard anavula jekete la suti n'kugwira fosholo.

Mwana anabatizidwa bwinobwino, analira pang'ono pokha. Kuholo anthu anadya mbatata zouma ndi zidutswa za keke zothira m'mbale. A Torleiv anakhala osakhudza kanthu. Mwadzidzidzi anaimirira, munthu amene ngakhale pa ukwati wake sanayankhulepo pagulu.

"Apongozi, achimwene, amayi, Sigrun mwana wanga, mundikhululukire. Ndinaopa kukhumudwitsa mmodzi, ndiye ndakudyetsani nonse mbatata zopanda msuzi. Mundikhululukire ndithu."

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.